Kulondola nkhunzi ya pakhoma: masiku asanu ndi limodzi ku Athens ndi ku Crete

Tsiku loyamba, Athens

Ulendowu ndauyamba ndili ndi kamtsutso mumtima, ndipo ndi bwino ndikanene poyera ndisanapite patali. Ndinakulira ku ubusa wa ng'ombe za agogo anga ku Dowa, kotero kuti tsiku limene ndinaona koyamba m'buku chithunzi cha mnyamata ataima chadodolido pamsana pa nkhunzi yothamanga, mnzake atagwira nyanga kutsogolo, ndinaseka n'kunena kuti wojambulayo sanakhalepo pafupi ndi ng'ombe yolusa. Chithunzicho ndi cha pakhoma la nyumba yachifumu ya ku Knossos pa chilumba cha Crete, ndipo chatha zaka pafupifupi 3,500. Ndabwera kudzachiona ndi maso anga.

Lero ndathera masana onse m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya mu Athens, likulu la dziko la Greece. Chimene chandiimitsa nthawi yaitali ndi zikho ziwiri zagolide zimene Christos Tsountas anazifukula mu 1889 m'manda a ku Vapheio, kufupi ndi Sparta. Pa chikho china pali nkhunzi yokodwa mu ukonde womangirira kumitengo iwiri, thupi lake litapindika, pamene inzake yagwetsa mlenje mmodzi ndipo wina wakangamira kunyanga zake. Pa chikho chinacho zinthu zili phee: nkhunzi yanyengedwa ndi ng'ombe yaikazi, ndipo munthu waimanga chingwe kumwendo wakumbuyo. Aliyense amene anayesapo kulowetsa nkhunzi m'khola madzulo amadziwa kuti njira yachiwiriyi ndiyo ya anthu anzeru. Apa kamtsutso kanga kanayamba kugwedezeka, chifukwa wosula zikhozi ng'ombe ankaidziwa bwino.

M'chipinda chomwecho cha zinthu za mzinda wakale wa Mycenae muli chibenthu cha pulasitala chimene wofukula zakale Heinrich Schliemann anachipeza ku mzinda wina wakale wa Tiryns, chosonyeza kamunthu kali lendelende pamwamba pa nkhunzi. Ndachiyang'ana mwachidule chifukwa nthawi inali itatha. Usiku uno ndili m'sitima yapamadzi yochokera ku doko la Piraeus, ndipo tiyenda maola pafupifupi asanu ndi anayi kuti tikafike ku Heraklion, mzinda waukulu wa ku Crete, mbandakucha.

Tsiku lachiwiri, Knossos

Basi yochokera mumzinda sichedwa, pakuti Knossos ili pa mtunda wa makilomita asanu okha kummwera kwa Heraklion. Ndinafika dzuwa lisanakwere, koma nyenje zinali zitayamba kale kulira m'mitengo ya paini ngati kuti ndi Okutobala wa kwathu. Polowera pali chosema cha mutu wa Arthur Evans, Mngelezi amene anayamba kufukula malowa mu Malichi 1900, ngakhale kuti woyamba kukumba pano anali munthu wa konkuno, Minos Kalokairinos, mu 1878. Evans ndiye anafalitsa dzina lakuti Aminoa, lonena za anthu akale a ku Crete, politenga kwa mfumu Minos ya m'nthano za Agiriki. Nthanoyo imati mfumuyi inkasunga chilombo cha thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe m'nyumba ya njira zosokoneza, ndipo mzinda wa Athens unkakakamizidwa kutumiza anyamata asanu ndi awiri ndi atsikana asanu ndi awiri kuti chikawadye, mpaka pamene Theseus, ngwazi ya ku Athens, anachipha. Munthu amene wabwera ndi nthano yotere m'mutu, n'kufukula makoma odzaza ng'ombe ndi achinyamata, sangalephere kulumikiza ziwirizi, ndipo otsogolera alendo amazilumikizabe mpaka lero ngati kuti nkhaniyo inatha kale.

Mlendo ayenera kudziwa msanga kuti zambiri zimene zikumukopa maso pano si zakale. Zipilala zofiira zonenepa kumwamba n'kuwonda kumunsi, madenga, ndi zipinda zam'mwamba zingapo, anazimanganso ndi konkire m'zaka za m'ma 1920, ndipo zojambula zonse za pamakoma ndi zokopera, zenizeni zili mumzinda. Pakhomo lakumpoto pali khonde lokwezeka pamene pakuonekera nkhunzi yofiira yotukuka pakhoma, mutu itaweramitsa ngati ikufuna kutunga. Anthu amaima pamzere kuti adzijambulitse pamenepo. Ine ndinatsikira munjira yopapatiza ya m'munsi mwake, mmene ankadutsa obwera kuchokera kudoko, n'kuyang'ana m'mwamba, ndipo ndinamvetsa chimene eni nyumbayi ankafuna: mlendo asanaone nkhope ya wolamulira aliyense, ankayamba waonana ndi ng'ombe. Khomo lakumadzulo nalonso linali ndi chojambula cha nkhunzi.

Kenaka ndinalowa m'bwalo lapakati, limene ndi lotalika mamita pafupifupi 50 ndipo m'lifupi ndi theka la pamenepo. Katswiri wina wa kamangidwe, James Walter Graham, ankati masewera olumpha nkhunzi ankachitikira m'mabwalo oterewa. Ndinayenda kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena ndikuwerenga mapazi, ndipo ndinakayika. Nkhunzi yothamanga mwaliwiro ingathe kudutsa bwalo lonseli munthu asanapume kawiri, ndipo ziboda sizigwira bwino pamwala wosalala. Akatswiri ena amati bwalo la masewerawo linali kunja kwa nyumbayi, pa dothi. Mtima wa m'busa ukugwirizana ndi amenewa, koma ndadziuza kuti ndidikire kaye mpaka nditaona mabwalo a nyumba zina zachifumu, za ku Phaistos ndi ku Malia.

Mbali yakummawa ndinafunafuna kabwalo kakang'ono kamene kali ndi mwala wotulutsira madzi kukhoma. Pamenepo ndi pamene mu 1901 anatola zibenthu za chojambula chimene chandibweretsa kuno, zitagwa kuchokera m'chipinda cham'mwamba. Palibe chochititsa chidwi pamalopo, ndipo palibe mlendo wina amene anaima.

Tsiku lachitatu, Heraklion

Chojambulacho chili m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yosungiramo zakale ya mumzinda muno, ndipo chinthu choyamba kundidabwitsa ndi kuchepa kwake. M'mabuku chimaoneka ngati chodzaza khoma lonse, koma m'litali ndi mita imodzi n'kachidutswa, msinkhu wake sufika mita. Chinali chimodzi mwa zingapo zondandalikana, ndipo zibenthu za zinzake zina zili ku Ashmolean Museum ku Oxford, kumene Evans ankagwira ntchito. Akatswiri amachiika cha m'ma 1450 mpaka 1400 Khristu asanabadwe.

Nkhunzi ndi yamawangamawanga, ofiirira ndi oyera, yayang'ana kumanzere, miyendo yakutsogolo yatambasukira kutsogolo ndipo yakumbuyo yatambasukira kumbuyo, yonse ili m'malere. Ilibe linunda ngati ng'ombe zathu, msana wake ndi wautali komanso wopindika pang'ono, ndipo ndi yaikulu mopyola muyeso poyerekeza ndi anthu atatu amene ali nayo. Wakutsogolo ndi woyera khungu, wagwira nyanga imene yadutsa m'khwapa mwake. Wapakati ndi wofiira, manja ali pamsana pa ng'ombe, miyendo m'mwamba, tsitsi likuuluka. Wakumbuyo ndi woyeranso, waima chanyang'ama, manja atatambasula ngati akufuna kuwakha mnzake kapena ngati iyeyo wangotera kumene. Onse ali ndi chiuno chonga cha mavu chomangidwa ndi lamba wothina, kansalu kakafupi, zibangili m'mikono ndi nsapato. Kumbuyo kwawo kuli mtundu wobiriwira ngati thambo, wopanda nthaka, wopanda mtengo, wopanda woonerera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditakhala pamenepo kwa theka la ola, mayi wina wolondera chipindacho, amene anaona kuti sindikusuntha, anandiyandikira n'kundiuza kuti ndiime cham'mbali kuti kuwala kugwe mopendekeka. Nditatero ndinaona chimene chithunzi cha m'buku chimabisa. Pali zigamba zokhakhala, zotukuka pang'ono, za mtundu wakuda ndi wofwifwa, ndipo pakati pa zigambazo pali malo osalala a utoto wowala. Zokhakhalazo ndizo zakale. Zosalalazo ndi dzanja la Émile Gilliéron, mmisiri wa ku Switzerland amene Evans anamulemba ntchito yolumikiza zibenthu ndi kudzaza mipata. Ndinawathokoza mayiwo, iwo n'kungogwedeza mutu ngati munthu amene wanena zimenezi kambirimbiri. Mwamwayi, pa chojambula ichi zakale zimene zinapulumuka ndi zokwanira kutsimikiza kuti anthu atatuwo ndi nkhunziyo analipodi, mosiyana ndi chojambula china cha m'chipinda chomwechi, cha mnyamata wovala chisoti cha maluwa, chimene akatswiri ambiri tsopano amati chinalumikizidwa kuchokera ku zibenthu za anthu osiyana.

Luso lake ndi lofunika kulifotokoza chifukwa ndi limene lachititsa kuti utotowu ukhalepo mpaka lero. Ankamata khoma ndi pulasitala wa laimu, n'kupaka utoto akadali wauwisi, kotero kuti pouma utotowo unkagwirana ndi laimuyo m'malo mokhala pamwamba. Kufiira ndi chikasu ankazitenga ku dothi, kuyera ku laimu, ndipo kubiriwira konga thambo kunali kochita kupanga potentha mchenga, laimu ndi mkuwa, luso limene linali lodziwika kwambiri ku Iguputo. Wojambula wotere alibe nthawi yozengereza, ndipo mwina n'chifukwa chake mizere ya msana wa nkhunziyi ikuoneka kuti inakokedwa kamodzin'kamodzi.

Nkhani ya khungu ndiyo imakanganitsa akatswiri kwambiri. M'zojambula zambiri za Aminoa amuna ndi ofiira ndipo akazi ndi oyera, choncho Evans anagamula kuti awiri oyerawo ndi atsikana ovala chovala chachimuna. Ena, kuphatikizapo Nanno Marinatos, anatsutsa ponena kuti matupiwo alibe mabere ndipo avala chotchingira maliseche cha amuna, kotero kuti mtunduwo ungakhale ukusonyeza msinkhu kapena udindo pamasewerawo. Enanso amati si anthu atatu ayi, koma munthu mmodzi wojambulidwa katatu: pogwira nyanga, potembenuka, ndi potera. Ine amene ndinakula ndikuona anamwali akupakidwa zoyera pa tsiku lotuluka, sindivutika kuvomereza kuti mtundu wa pathupi ungathe kunena za gawo limene munthu wafikapo m'moyo. Komabe ndikudziwa kuti umenewo ndi mwambo wa kwathu osati umboni wa ku Crete, ndipo sindiukokera patali.

Tsopano za kamtsutso kanga. Evans anafotokoza kalumphidwe kake motere: munthu agwira nyanga za nkhunzi yothamanga, nkhunziyo itukula mutu n'kumuponya m'mwamba, iye atembenuka n'kutera pamsana, kenaka n'kudumphira pansi kumbuyo. Koma iye mwini analemba kuti katswiri wina wogwetsa ng'ombe wa ku America atafunsidwa, anati zimenezo n'zosatheka, chifukwa nkhunzi ikamagunda imapotoza mutu cham'mbali. Agogo anga akanayankha chimodzimodzi popanda kuwoloka nyanja. Mu 1976 John Younger atasanthula zithunzi zonse zodziwika za masewerawa anapeza kuti kalumphidwe ka Evans kamaoneka pa zochepa chabe, pamene zambiri zimasonyeza munthu akudumpha chamutu kupitirira nyanga n'kukatsamira manja pamsana. Zofanana ndi zimenezi zimachitikabe kummwera chakumadzulo kwa France ndi ku Spain, kumene anyamata amalumpha ng'ombe yothamanga osaigwira n'komwe. Choncho ndinalakwa pang'ono ndipo ndinalondola pang'ono: kulumphako n'kotheka, koma kugwira nyanga kuja, ngati kunalipo, kuyenera kuti kunali ntchito ya wothandizira wofuna kuweramitsa mutu wa ng'ombe, kapena kukongoletsa kwa wojambula.

Tsiku lachinayi, Phaistos ndi Hagia Triada

Msewu wopita kummwera umakwera mapiri n'kutsikira m'chigwa cha Messara, ulendo wa makilomita pafupifupi 60. Njira yonse ndaona minda ya azitona, mphesa, nkhosa ndi mbuzi, koma ng'ombe sindinaone ngakhale imodzi. Phaistos ili pamwamba pa chitunda, phiri la Ida likuonekera kumpoto, ndipo Ataliyana amene anafukula pano kuyambira 1900, Federico Halbherr ndi Luigi Pernier, sanamangenso zambiri monga anachitira Evans. Makoma ndi afupiafupi ndipo munthu amaganiza yekha.

Pangodya yakumpoto chakumadzulo kwa bwalo lapakati pali chiunda chamiyala cha masitepe, chimene Graham ankati olumpha ankakwerapo kuti nkhunzi ikaponda ndi miyendo yakutsogolo, iwo aidumphire chamutu. Anatengera ganizoli pa kamwala kena kodindira kosonyeza nkhunzi itatsamira pa chinthu chonga bokosi, munthu akuidumphira pakati pa nyanga. Ndinaima pafupi ndi chiundacho ndipo ndinaona kuti chingathe kukhala chimenecho, monganso chingathe kukhala guwa kapena poikapo zinthu. Mwala sulankhula, ndipo aliyense amauuza zimene wabwera nazo.

Ku Hagia Triada, makilomita atatu kuchokera pano, ndinangopita kuti ndiponde pamalo pamene panachokera zinthu ziwiri zimene ndikufuna kukazionanso mumzinda. Kunali kotentha kwambiri moti sindinakhalitse.

Tsiku lachisanu, Malia

Malia ili m'mphepete mwa nyanja, kummawa kwa Heraklion. Mbali yakummawa ya bwalo lake kuli mzere wa zipilala, ndipo pamiyala ya pakati pa zipilalazo pali timabowo timene ena amati munkalowa mitengo ya mpanda wotetezera oonerera. Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa timabowoto, ndipo ndinavomereza kuti mpanda unalipo. Koma pakatikati penipeni pa bwalo lomwelo pali dzenje la guwa lansembe, ndipo sindikuona mwini ng'ombe amene angalole nkhunzi yake yamtengo wapatali kuthamanga pamalo pamene ingathyoke mwendo. Ndabwerako mlandu wa bwalo usanagamulidwe, ndipo zikuoneka kuti akatswiri nawonso sanaugamule.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Heraklion kachiwiri

Lero ndayambira m'zipinda zapansi, ndipo ndazindikira kuti chojambula cha pakhoma chija chili ndi abale ambiri, ena achikulire kuposa icho. M'kabati ina muli kang'ombe kadothi kochokera kumanda a ku Koumasa, kamene kanaumbidwa zaka mazana angapo chojambulacho chisanapakidwe, ndipo kunyanga zake kwakangamira tianthu ting'onoting'ono ngati nkhupakupa. Muli mnyamata wosemedwa ndi mnyanga wa njovu, wotalika ngati dzanja kuchokera pachigongono, atawongoka m'malere, mitsempha ya m'manja ikuoneka, ngakhale kuti ng'ombe imene ankailumpha inatayika. Muli mutu wa nkhunzi wamwala wakuda wochokera ku nyumba yaing'ono yachifumu ya ku Knossos, wa diso la mwala woonekera mkati ndi mphuno yozunguliridwa ndi chigoba choyera, umene unali chotengera chothirira nsembe: ankathira pabowo la pakhosi, zamadzizo n'kutulukira kukamwa. Nyanga zake zagolide ndi zobwezeretsa za masiku ano.

Zinthu ziwiri za ku Hagia Triada zija ndizo zandisinthira kaonedwe ka chojambula cham'mwamba. Choyamba ndi chotengera chamwala chosongoka kumunsi, chogawidwa m'mizere inayi, yambiri yosonyeza ankhonya. Pa mzere umodzi pali nkhunzi zothamanga, ndipo pa nyanga ya imodzi pali munthu amene sanalumphe bwino: yamutunga, thupi lake lili lende. Chachiwiri ndi bokosi lamaliro lamwala lojambulidwa mbali zonse, la cha m'ma 1400 Khristu asanabadwe, pamene nkhunzi yamawanga yamangidwa ndi zingwe patebulo, magazi akutsikira m'chotengera, woimba chitoliro ali kumbuyo kwake, diso la ng'ombeyo lili tong'o kuyang'ana woonerera. Anthu awa ankadziwa kuti mnyamata akhoza kufa ndipo ankadziwa kumene ng'ombe inkathera. Chojambula chotchuka chija chinasankha mphindi imodzi yokha, imene mnyamata ali m'malere ndipo zonse zikuyenda bwino, chifukwa chinali cha pakhoma la nyumba ya olamulira.

Kuti chizindikirochi chinali cha ulamuliro, zikuonekeranso poona kumene chinafika. Chinajambulidwa m'nyumba zachifumu za ku Mycenae, Tiryns ndi Pylos, ndipo m'zaka za m'ma 1990 gulu la Manfred Bietak wa ku Austria linafukula ku Tell el-Dab'a, kumathiriro a mtsinje wa Nile, zibenthu zambirimbiri za pulasitala zojambulidwa mwa luso la Aminoa, zina zosonyeza olumpha nkhunzi patsogolo pa mizere yonga njira zosokoneza. Ndiye kuti nkhunziyi inapondapo pa nthaka ya Africa, m'nyumba ya mafumu a Iguputo, amene ankatchula anthu a ku Crete kuti Keftiu.

Ndisanatuluke ndinaima pa kabati ya timapale tadothi ta zilembo zotchedwa Linear B, zimene Michael Ventris anazimasulira mu 1952 n'kupeza kuti ndi Chigiriki chakale. Zilembo zoyambirira za Aminoa, Linear A, sizinamasuliridwebe, choncho palibe mawu a eni ake ofotokoza masewerawa. Koma pakati pa timapale ta ku Knossos pali tina tolembapo ng'ombe zolimira ziwiriziwiri pamodzi ndi maina awo, monga Wakuda, Wamawanga, Wamiyendo-yoyera ndi Wapakamwa-poyera. Ndinaseka ndekha mpaka mlonda anacheuka, chifukwa ng'ombe za pangolo ya agogo zinkatchedwa mwa njira yomweyo, potengera maonekedwe.

Ndinakweranso m'mwamba kukajambula chithunzi cha nkhunzi ija nditaima cham'mbali monga anandiphunzitsira mayi aja, ndipo ndinachitumiza pa WhatsApp kwa amalume, amene anatsala ndi khola la agogo, ndikuwafotokozera za mnyamata wa chadodolido, za anthu oyera awiri ndi za mkangano wa akatswiri. Yankho lawo landipeza ndili kale padoko, ndikudikira sitima yobwerera ku Piraeus. Za mnyamatayo sananenepo kanthu. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, ng'ombe yopanda linundayi, goli ankalikhazika pati?"